Kamera yatchipa, nanga wa kabaza amujambula ndani?

Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene amajambulidwa kwambiri m'Malawi muno. Aliyense wofuna kutsatsa dziko lino kwa alendo amathamangira ku Cape Maclear kukajambula dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi, nkhwazi ikutola nsomba pamadzi, ndi timbuna tamawangamawanga timene tinathandiza kuti bungwe la UNESCO liike Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Mabungwe othandiza nawonso sachoka kuno. Amabwera ndi makamera awo kudzajambula mtsikana wosiyira sukulu panjira, mjigo watsopano, kapena mzere wa amayi ku sikelo. Pakati pa zithunzi za mitundu iwiriyi pali munthu amene saoneka kawirikawiri, chonsecho ndi amene amayamba kukulandirani mukangotsika minibasi pa boma: mnyamata amene akukukokerani chikwama kuti mukwere kabaza wake.

Kwa zaka zambiri chifukwa chake chinali chosavuta kutchula: filimu inali ya anthu a ndalama. Lero foni ya m'thumba imajambula zoyera kuposa makamera ambiri a zaka 20 zapitazo, ndipo laputopu yogula kwa munthu imatha kulumikiza filimu yonse. Ngati chida chatchipa chonchi, n'chifukwa chiyani nkhani za achinyamata ovutika a m'matauni a kunyanja zikutifikabe kudzera m'maso mwa mlendo kapena mu lipoti la bungwe?

Umphawi wa m'tauni ya Mangochi suli ngati wa ku Ndirande kapena ku Mtandire. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lonse, koma a m'tauni yeniyeni anali ongopitirira pang'ono 50,000. Moyo wa chitauni unamwazikana m'mbali mwa msewu ndi nyanja: pa boma, kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ku Namiasi, ku Makawa, ku Monkey Bay, ku Chembe, mpaka ku Namwera ndi ku Chiponde kumalire ndi Mozambique. Mnyamata wa m'malo amenewa amagona kumudzi kwa amayi ake, koma tsiku lonse amathera pa siteji, pa doko kapena pa msika, ndipo chilichonse chimene angaike pakamwa n'chogula.

Makolo ake ankadalira nyanja. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha mochititsa mantha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kum'mwera kwa nyanja ya Malawi nako chinachepa, ndipo asodzi ambiri anatembenukira ku usipa ndi tinsomba tina ting'onoting'ono. Boti, injini ndi chilimila n'za bwana. Mnyamata amangogulitsa mphamvu zake usiku wonse n'kulandira kagawo kotengera zimene zakodwa. Nyanja ikatsekedwa kuti nsomba ziswane, kapena mwera ukavuta, amangokhala pa doko. Njira ina ndi ya ku Joni, imene kuno inakhazikika mpaka anthu akaona nyumba ya malata ndi mpanda wa njerwa amadziwiratu kumene ndalama zake zinachokera. Amene analephera kupita, ndi amene anabwerako pa mabasi nthawi ya zipolowe zothamangitsa obwera mu 2008 ndi mu 2015, ndi amene mumawapeza pa kabaza, pa geni ya mayunitsi, kapena pa mchenga akudikira mzungu woti amuperekeze ku chilumba.

Filimu yodziwika bwino imene inayang'anitsitsa moyo wa kunyanja ndi The Last Fishing Boat ya Charles Shemu Joyah, yomwe inatuluka mu 2012. A Joyah ntchito yawo yodyera inali yoyeza malo, ndipo anali atatulutsa kale Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito wopatsidwa pathupi ndi bwana wake. Mu The Last Fishing Boat malemu Hope Chisanu amasewera ngati Yusufu, msodzi amene kale ankalemekezeka koma tsopano ukonde ukumubwerera wopanda kanthu. Mwana wake wasiya nkhafi n'kuyamba kuperekeza alendo, ndipo mkazi wake wamng'ono, Abiti Anefa, gawo limene anasewera Flora Suya, mzungu wina wandalama wamuika diso. Filimuyi inapata mphoto ya nyimbo zabwino pa Africa Movie Academy Awards mu 2013.

Munthu wa ku Makawa kapena ku Chembe akaionera safunsa kuti zoterezi zimachitika kuti. Koma mtima wa filimuyi uli pa bambo. Amene tikumumvera chisoni ndi Yusufu, dziko limene likugwa ndi lake, ndipo mwanayo timamuona makamaka ngati chizindikiro cha kuonongeka kwa chikhalidwe. Ine ndimaona kuti pa mnyamata ameneyu panatsalira filimu ina yathunthu. Chingerezi cha pa mchenga anachiphunzira kwa yani? Mlendo akachoka osamusiyira kanthu amakawauza chiyani anzake? Lachisanu amalowa mu mzikiti ndi nkhope yotani? Uku si kunyoza a Joyah, munthu sanganene zonse m'maola awiri. Kungoti amene angayankhe bwino mafunso amenewa ndi amene anakhalapo pa mchengapo.

Nkhani za umphawi wa m'tauni zimene zinafika patali zinachokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. B'ella ya Tawonga Taddja Nkhonjera, ya 2014, inatsata mtsikana wa sekondale wa kumalire kwa mzinda wa Blantyre. A Joyah anabweranso mu 2017 ndi The Road to Sunrise, nkhani ya Rubia ndi Watipa, atsikana awiri oyendayenda m'makomboni a Blantyre, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya filimu yabwino ya kum'mwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos. Mphoto yomweyo anali ataitenga kale Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu yake Lilongwe. The Road to Sunrise ndi imene dziko lino linayamba kutumiza ku mpikisano wa Oscar, kenako kunapita Fatsani ya Gift Sukez Sukali, nkhani ya kamtsikana kogulitsa nthochi mumsewu sukulu yake itatsekedwa. Onsewa anagwira ntchito ndi ndalama zimene kunja sizingakwane n'chakudya cha ojambula chomwe. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, imene inajambulidwa ku Kasungu n'kutuluka pa Netflix mu 2019, ndi ya gulu lina: nkhani ndi ya William Kamkwamba, malo ndi athu, koma thumba linali lakunja.

Kuchedwa kwathu kuli ndi mbiri yake. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, ndipo mpaka lero filimu yoonetsedwa pagulu imayenera kudutsa ku Censorship Board. Wailesi ya kanema inafika mu 1999, maiko oyandikana nafe atakhala nayo zaka zambiri. Kanema amene anthu a m'midzi ankamudziwa anali wa magalimoto a boma oyenda usiku kuonetsa kalimidwe kabwino. Luso lathu la nkhani linakulira pa wailesi ndi pa nsanja: Kapalepale pa MBC, Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, Wakhumbata ya Du Chisiza Jr, kenako Zimachitika ndi Tikuferanji. Cholowa chimenechi n'chachikulu, koma chinatisiyira zizolowezi ziwiri. Choyamba, m'mafilimu athu anthu amalankhula kwambiri. Munthu amakhala pa mpando n'kufotokoza kuti wakwiya, pamene kamera ikanangotionetsa mmene akutsukira mbale. Chachiwiri, tinazolowera kuti sewero lililonse lithere pa phunziro, ngati kuti woonera ndi mwana wa sukulu woti alembe mayeso akatuluka.

Tikamati filimu ya ndalama zochepa, ambiri amaganiza za kamera. Komatu kamera ndi imene imabwerekeka mosavuta, kwa wojambula maukwati kapena mavidiyo a nyimbo, ndipo achinyamata ambiri opanga mafilimu lero anaphunzirira ntchito komweko. Ndalama zimathera pa zinthu zosaoneka pa kanema: nsima ya gulu lonse tsiku ndi tsiku, mafuta a galimoto ndi a jenereta, pogona, kangachepe ka mwini nyumba imene mukujambuliramo, ndi ka anyamata a pa siteji kuti asakusokonezeni. Tsiku lililonse loonjezera ndi ndalama, choncho wotsogolera amathamanga, ndipo kuthamangako kumaoneka. Kachigawo kofunika kubwereza kasanu kamajambulidwa kamodzi. Wosewera amene anabwera mwa ubale amasowa pakati pa ntchito chifukwa wapeza ganyu, nkhani n'kusinthidwa kuti akhale ngati wapita kumudzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabatire, mamemori khadi ndi zosungiramo zithunzi zinakwera mtengo, poti zonsezi n'zogula kunja. Kenako pamabwera miyezi ya kukonza pa kompyuta, magetsi akuzima pakati pa ntchito.

Chimene chimapha mafilimu athu ambiri ndi mawu. Woonera amakhululuka chithunzi chikada pang'ono, koma akalephera kumva zimene anthu akunena amadzuka n'kumapita. Kunyanja vutoli ndi lalikulu kuposa kwina. Nyengo yozizira mwera umawomba molunjika mu maikolofoni. Mafunde sapuma, ndipo pamwamba pake pali injini za maboti, chigayo, njinga zamoto, masipika a m'mashopu, ndi kuitanira mapemphero ku mzikiti kasanu pa tsiku. Wodziwa ntchito amakonza ndondomeko yake motsata mphepo ndi nthawi ya swala. Zokambirana amajambula m'mamawa nyanja ili bata, phokoso la doko n'kulijambula palokha kuti adzaliike yekha pa mlingo umene akufuna. Dzuwa nalo lili ndi khalidwe lake: masana mchenga ndi madzi zimawala mpaka nkhope ya munthu imangooneka bii, pamene usiku nyali za asodzi a usipa zimapereka kwaulere kuwala kumene kampani yakunja ingakulipirire ndalama zambiri.

Chodabwitsa n'chakuti anthu odziwa kujambula mawu ku Mangochi alipo kale, kungoti sali m'mafilimu. Wailesi ya Dzimwe ku Monkey Bay inayamba mu 1998 ndipo ndi imodzi mwa mawailesi a m'madera oyambirira m'dziko muno. Radio Maria nayo likulu lake lili ku Mangochi. Mnyamata kapena mtsikana amene wakhala zaka akufunsa asodzi mafunso pa doko ndi kachipangizo kojambulira mawu amadziwa kuima chakumbuyo kwa mphepo, amadziwanso kukhala chete mpaka munthu anene zimene sanakonzekere. Gulu lopanga filimu likadakhala lanzeru, munthu woyamba kumufunafuna akadakhala ameneyu.

Kusowa ndalama pakokha sikunalepheretsepo filimu yabwino ya anthu osauka. Mu 1948 ku Italy, Vittorio De Sica anatenga munthu wogwira ntchito m'fakitale, wosadziwa za sewero, n'kumupatsa gawo la bambo amene njinga yake yabedwa tsiku loyamba la ntchito. Bicycle Thieves ndi nkhani imene wa kabaza aliyense amene anabedwapo njinga ya bwana wake angaimve popanda womasulira. Pafupi ndi kwathu, Ousmane Sembène wa ku Senegal anapanga Borom Sarret mu 1963, filimu ya mphindi pafupifupi 20 yotsata tsiku limodzi la woyendetsa ngolo ku Dakar. Munthu wovala bwino amamunyengerera kuti amupititse ku dera la olemera kumene ngolo siziloledwa, wapolisi n'kumulanda ngoloyo, iye n'kubwerera kunyumba wapansi, wopanda ndalama. Sembène sanavutike n'kujambula mawu mumsewu. Anawaika pambuyo pake, ndipo zambiri timamva ndi zimene woyendetsa ngoloyo akuganiza mumtima. Kuchepa kwa zipangizo kunasanduka kalembedwe ka filimuyo. Wopanga filimu wa ku Namiasi amene mwera wamulepheretsa angaphunzire zambiri pa mphindi 20 zimenezi kuposa pa maphunziro a sabata yonse mu hotela.

Ku Nigeria anadzera khomo lina. Living in Bondage ya 1992 inajambulidwa pa vidiyo m'chilankhulo cha Igbo n'kugulitsidwa pa matepi m'misika, osadikira holo kapena mpikisano, ndipo msika ndi umene unabala Nollywood. Ku Wakaliga, komboni ya ku Kampala, Isaac Nabwana anapanga Who Killed Captain Alex? mu 2010 ndi ndalama zimene akuti sizinapitirire madola 200. Ochita sewero ankayenda okha khomo ndi khomo kugulitsa ma DVD, atavala zovala za mu filimu, kuti apeze kanthu okopera asanawatsogolere. Nabwana sanajambule umphawi wa Wakaliga kuti timvere anthu chisoni. Anajambula zimene anyamata a kumeneko amakonda, ndewu za karate ndi mfuti zosema okha, komboniyo n'kumaoneka kumbuyo mmene ilili. Ena amati ndi zachibwana. Komabe palibe amene angakane kuti eni dera anaidziwa kuti ndi yawo.

Kwathu kuno thumba lalikulu la sewero ndi filimu lakhala la mabungwe, ndipo ku Mangochi n'kumene mabungwe amakonda, chifukwa nkhani za maukwati a ana, Edzi, kusiya sukulu ndi kolera zimatchulidwa kawirikawiri pa boma limeneli. Ndalama za bungwe si zoipa. Ku Zimbabwe, Media for Development Trust inatulutsa Neria, Everyone's Child ya Tsitsi Dangarembga mu 1996 ndi Yellow Card mu 2000, mafilimu a uthenga amene anthu anawakondadi, ngakhale kuno. Vuto ndi lakuti bungwe limagula uthenga, ndipo uthenga umafuna kuti mathero adziwike nkhani isanalembedwe. Mtsikana ayenera kubwerera ku sukulu, mfumu iyenera kuthetsa ukwati, mnyamata wosuta chamba ayenera kulapa kapena kupenga. Mnyamata amene anasiya sukulu, napita ku Joni popanda mapepala, n'kumangira amayi ake nyumba, salowa mu filimu yotere, chifukwa moyo wake ukutsutsa uthenga. Chonsecho ameneyu ndi amene mwana wa Sitandade 7 ku Namwera akumuona tsiku ndi tsiku. Filimu imene yamubisa yanama, ndipo ana amazindikira msanga. Paja khasu lobwereka silichedwa kuthyoka: polojekiti ikatha kamera imabwerera ku ofesi, gulu la achinyamata limene linaphunzitsidwa n'kubalalika.

Thumba lina ndi la mipikisano ndi mathumba a mafilimu akunja, ndipo nalo lili ndi zimene limakonda kuona. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku Cali, m'dziko la Colombia, Luis Ospina ndi Carlos Mayolo anapanga Agarrando pueblo, kafilimu koseka ojambula amene amathamangitsa opemphapempha ndi ana a mumsewu kuti akagulitse zithunzi ku wailesi ya kanema ya ku Ulaya. Matenda amenewa sagwira azungu okha. Wojambula wa ku Lilongwe amene wafika pa doko Loweruka, n'kuuza mwana kuti avule malaya abwino avale ong'ambika, akuchita zomwezo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Mu filimu yotere wosauka alibe nthabwala, alibe timu ya mpira imene amaikonda, alibe chinyengo chake, sakongoza munthu ndipo sakwiyira wina aliyense koma tsoka. Aliyense amene anakhalapo pa siteji ya kabaza theka la ola amadziwa kuti pamalo pamenepa pamakhala kuseka ndi ndale zambiri kuposa m'maofesi.

Kugwiritsa ntchito anthu enieni m'malo mwa azisudzo kumachepetsa ndalama, kumabweretsanso nkhope ndi kalankhulidwe kamene sukulu singaphunzitse. Koma kuli ndi ngongole yake. Fernando Ramos da Silva, mwana wa m'komboni amene anasewera mu Pixote ya Hector Babenco ku Brazil, anatchuka dziko lonse, n'kubwerera ku umphawi womwewo, ndipo apolisi anamuombera mu 1987 ali ndi zaka 19. Mira Nair atapanga Salaam Bombay! mu 1988 ndi ana a mumsewu, panakhazikitsidwa bungwe la Salaam Baalak Trust losamalira ana otere, chifukwa zinaonekeratu kuti malipiro a masabata ochepa sakwanira. Malamulo athu nawo amanenapo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imateteza mwana amene wapezeka ndi mlandu kuti asaululidwe. Kujambula mwana masikini akuba zenizeni, nkhope ili poyera, ndi kumukonzera mavuto amene wojambula sadzakhalapo kuti amuthandize.

M'dera laling'ono ngoziyi imakula. Amalawi timaitana munthu ndi dzina la m'sewero moyo wake wonse. A Michael Usi anafika pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024 anthu akuwatchulabe Manganya. Kwa iwo dzinalo linali chuma. Koma mtsikana wa ku Monkey Bay amene wasewera ngati woyendayenda amatsala komweko ojambula atapita, amakatunga madzi pa mjigo womwewo, ndipo amalume ake aionera filimuyo pa foni. Wochokera ku Blantyre amakwera basi n'kubwerera kwawo. N'chifukwa chake kupempha chilolezo kuno sikungathere pa kusainitsa pepala. Pamafunika kukhala pansi ndi makolo, ndi mfumu, nthawi zina ndi shehe, ndipo zimenezi zimadya masiku amene bajeti yaing'ono ilibe. Wopanga filimu wa m'dera momwemo ali ndi mwayi pamenepa chifukwa amadziwa khomo loyamba kugogoda, koma ali ndi chomumanga: iyenso atsala pomwepo, ndipo bwana wa maboti amene wamuonetsa ngati wodyera anyamata masuku pamutu akumana naye pa maliro.

Palinso nkhani za malamulo zimene zikudikira wozijambula. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita ku msika wa Limbe, kuti gawo la lamulo la vakabu limene anamumangira likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhani ya munthu mmodzi, usiku umodzi, msewu umodzi ndi chitokosi: yotchipa kujambula, ndipo wogulitsa nsomba aliyense amene amadzuka 3 koloko m'mawa kuti akapeze boti angaimve.

Chilankhulo nacho chimasankhidwa ndi thumba. Mnyamata wa pa boma amalankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pa msika, Chingerezi chothyoka ndi alendo, ndipo mnzake wobwera ku Joni amasakanizamo mawu a kumeneko kuti aliyense adziwe kuti anayenda. Kusinthasintha kumeneku kumanena zambiri za amene ali pamwamba ndi amene akupempha. Filimu yoyang'ana mphoto zakunja imakopeka ndi Chingerezi, msodzi n'kumadandaula m'chilankhulo chimene sakadachigwiritsa ntchito ngakhale atalota. Yoyang'ana msika wa m'mizinda imatenga wosewera wa ku Blantyre kuti aziyerekeza kalankhulidwe ka Chiyao, ndipo pa nsanja zathu kalankhulidwe kameneka kakhala kakugwiritsidwa ntchito kwa nthawi yaitali pofuna kuseketsa anthu. Zotsatira zake, munthu wa ku Mangochi akangotsegula pakamwa mu sewero oonera amayamba kuseka nkhani ya maliro isanafike. Kulemba mawu omasulira m'munsi mwa chithunzi sikudula, koma kumafuna woonera wowerenga msanga, ndipo m'madera ambiri a boma lino amene anasiyira sukulu panjira ndi ochuluka.

Komatu oonera alipo, ndipo anakhalapo kalekale. Pa malo a malonda aliwonse kunyanja mumapeza vidiyo sho: kachipinda ka mabenchi, chinsalu pakhomo, sipika panja, jenereta kapena sola kuseri. Mmenemo anyamata akhala akuonera mafilimu a karate, a ku Nigeria, a ku India ndi a ku Tanzania, kuphatikiza mpira wa ku England umene masiku ano ndi umene umadzaza chipinda. Ndipo pali luso limene anthu ophunzira amalinyoza, la anyamata omasulira mafilimu akunja m'Chichewa. Iwowa samangomasulira. Amapatsa anthu a mu filimu maina a kwathu, amasandutsa mzinda wa ku China kukhala Limbe, amachenjeza woonera kuti chigawenga chikubwera, amaikamo nthabwala zawo. Zimenezi zikusonyeza kuti woonera wa pa benchi amafuna liwiro, chilankhulo chake, ndi wofotokoza amene ali mbali yake. Nabwana ku Uganda anazindikira zomwezi mpaka anaika mawu a wofotokoza wotere mu filimu yake yomwe. Opanga mafilimu athu ambiri akulimbana n'kufanana ndi Netflix, pamene mpikisano wawo weniweni ndi mnyamata wa maikolofoni ameneyu.

Vuto ndi lakuti ndalama za oonerawa sizifika kwa wopanga filimu. Njira yozolowereka ndi kukhazikitsa filimu mu holo yaikulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, matikiti n'kubweza kagawo ka ndalama usiku umodzi kapena uwiri. Ikangotuluka pamenepo imafika kwa obena, amene amaika nyimbo ndi mafilimu pa memori khadi pa mtengo wochepa, kenako imadumpha foni ndi foni popanda ndi tambala yomwe. COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi lamulo latsopano la Copyright Act la 2016 zinabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zithunzi, koma kuti munthu alandirepo ayenera kulembetsa ntchito yake, zimene gulu la anyamata asanu a ku Makawa silimaganizira. Ine sindiona phindu lothamangitsa wobena ndi apolisi. Iye ndi amene ali ndi njira yokhayo yofikira mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja, ndipo kugwirizana naye kuti agule filimu tsiku loyamba pa mtengo wogwirizana, onse a dera limodzi nthawi imodzi, kungabweze zambiri kuposa kumuopseza.

Kwatsala YouTube, Facebook ndi TikTok, kumene timasewero tafupitafupi ta achinyamata tachuluka kale. Kuika filimu pamenepo n'kwaulere, koma kuionera kumadya bandulo, ndipo woonera wa kuno amasankha ya mphindi zitatu m'malo mwa ya maola awiri. Ndalama za otsatsa malonda zimatengeranso dziko limene woonera ali, ndipo wa ku Malawi amabweretsa zochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku South Africa. Apa mpamene Mangochi akusiyana ndi maboma ena. Ana ake ambiri ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, ali ndi mafoni abwino, intaneti yotsika mtengo, ndi njala yomva Chiyao cha kwawo. Ndi anthu amene amasonkha kale ndalama pa magulu a WhatsApp za maliro, za mzikiti ndi za timu ya mpira ya kumudzi, ndipo angathe kusonkhera filimu.

Koma nalonso ndi thumba, ndipo lidzakhala ndi zofuna zake. Amene ali ku Joni angakonde kuona doko la kwawo, chinkhoswe, ndi nthabwala za mkamwini wobwera ndi wailesi yaikulu. Filimu yoona ya achinyamata a ku Mangochi iyenera kukhalanso ndi mkazi amene wadikira zaka zisanu ndalama zitasiya kubwera, mwana amene bambo ake amawadziwira pa foni, ndi mnyamata amene anasungidwa ku kampu ya obwera ya Lindela n'kubwezedwa ndi jumbo limodzi, amene tsopano akuyendetsa njinga yamoto ya mnzake amene zinamuyendera. Wopanga filimu adzayenera kupempha ndalama kwa mnzake wa njingayo kuti ajambule nkhani imeneyi.